Filimu ya Detroit: mlonda uja akanatani?

Nachisale_BT:
Abale, ndani waonerapo filimu ya Detroit ija ya 2017? Ine ndinaiyamba Loweruka usiku ndikuyesa ndi za apolisi ndi akuba za nthawi zonse, zowombana pang'ono kenako n'kukagona. Nsima yomwe ndinayamba nayo inazizira m'mbale, sindinaikhudzenso. Filimuyo ndi ya maola awiri ndi mphindi 23, koma gawo lonse lapakati muli m'kolido imodzi ya malo ogona alendo, anyamata atayang'anitsidwa kukhoma manja m'mwamba, apolisi akuwazunza. Wapolisi wamkuluyo sakundisowetsa tulo ayi, ameneyo ndi mfiti basi, nkhani yatha. Amene wandikhala pamtima ndi mlonda uja, Melvin Dismukes, amene akuseweredwa ndi John Boyega. Wakuda mnzawo, mfuti ili m'chiuno, waima pomwepo usiku wonse. Ine ndikuti anawapereka ana aja. Bambo a kunyumba akuti ndikuweruza ndili pa sofa. Tiweruzeni tisanasiye kuyankhulana m'nyumba muno.

Tadala265:
Asisi mwayamba kale kuulula nkhani, ena sitinaonere kkkk

Nachisale_BT:
Filimu ya 2017, nkhani ya 1967. Ukudikira chiyani, mvula?

aPhiri_Mbiri:
Amene sanaonere angodumpha zanga, chifukwa ndinena zonse. Choyamba tidziwe kuti zinachitikadi. Lamulungu pa 23 July 1967, kusanache, apolisi anakathyola shabini ina pamphambano ya 12th Street ndi Clairmount mumzinda wa Detroit. Ankayesa apezamo anthu ochepa, koma anapeza oposa 80 akuchita phwando lolandira asilikali awiri akuda obwera kunkhondo ya ku Vietnam. M'malo mowabalalitsa anaganiza zomanga onse. Podikira magalimoto owanyamulira, anthu anayamba kusonkhana panja, botolo linaponyedwa, moto unabuka. Masiku asanu. Anafa anthu 43, mwa iwo 33 akuda, ndipo omangidwa anapitirira 7,000. Bwanamkubwa wa Michigan, George Romney, anatumiza asilikali a National Guard, kenako Pulezidenti Lyndon Johnson anatumiza asilikali enieni a boma, a 82nd ndi 101st Airborne. Akasinja m'misewu ya mzinda wopanga magalimoto.

Koma shabini sinali chifukwa, inali machesi chabe. Anthu akuda anasamukira ku Detroit kuchokera kumwera kudzafuna ntchito kwa Ford, General Motors ndi Chrysler. Madera awo a Black Bottom ndi Paradise Valley anagwetsedwa, mbali ina pomanga msewu waukulu, anthu n'kukaunjikana ku 12th Street chifukwa madera ambiri sankawalola kugula kapena kuchita lendi. Akuda anali pafupifupi 40 pa anthu 100 alionse mumzindamo, koma apolisi oposa 90 pa 100 alionse anali azungu. Filimuyo izi yangozidutsa ndi zojambula za Jacob Lawrence poyambirira, mphindi zochepa chabe, ndipo pamenepo ndili nayo mangawa.

Tadala265:
Aphunzitsi afika, tulutsani makope

Mai_a_Chiko:
Musiyeni afotokoze iwe, ena tikuphunzirapo. Ine ndinaonera ndi mwana wanga wamkulu, ndinatuluka pabalaza kawiri. Pomwe ndinalephera kupirira ndi pa kamtsikana kaja kosuzumira pazenera, asilikali n'kuwombera akuyesa ndi munthu wa mfuti. A Phiri, zimenezonso zinachitika?

aPhiri_Mbiri:
Zinachitika mayi. Tanya Blanding, wa zaka zinayi. Asilikali anawombera nyumba yomwe anali. Masiku amenewo mphekesera za anthu obisala pamadenga n'kumawombera zinali paliponse, ndipo asilikali a National Guard ambiri anali anyamata osazolowera mzinda, amantha, atanyamula mfuti zankhondo. Mantha omwewo ndi amene anawafikitsa ku Algiers Motel usiku wa pa 25 kucha wa pa 26 July. Kunamveka kulira kwa mfuti, iwo n'kuti muli wowombera. Mfuti yoteroyo sinapezeke. Amene analimo ankati kanali kamfuti koyambitsira mpikisano wothamanga, kopanda chipolopolo. Kutacha munali mitembo itatu: Carl Cooper wa zaka 17, Fred Temple wa zaka 18, Aubrey Pollard wa zaka 19.

Nachisale_BT:
Chabwino, mbiri tamva. Tibwerere kwa mlonda wanga. Taonani momwe akulowera m'nkhani. Akulondera golosale, waona asilikali achizungu tsidya la msewu, akuwatengera khofi. Khofi! Akumwetulira, akuti bwana bwana. Kenako mfuti zalira, iye n'kuwatsatira mpaka mu motelo, palibe amene anamuitana. Waona mtembo wa Carl pansi. Waona atsikana awiri achizungu aja akuchititsidwa manyazi chifukwa chongopezeka m'chipinda ndi mwamuna wakuda. Waona masewera aja otengera munthu m'chipinda, kuwombera pansi, n'kutuluka kuti tamupha, wotsatira ndani. Iye chomwe akuchita n'kunong'oneza anyamata kuti pirirani mufike m'mawa. Mfuti ya m'chiunoyo inali ya chiyani, yokongoletsera?

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Mlongo, tayerekezani kuti waitulutsa. Munthu wakuda, mlonda wa kampani, 1967, mkati mwa zipolowe, waloza mfuti wapolisi wachizungu, panja pali asilikali. Akanakhala mtembo wachinayi, ndipo mawa lake nyuzipepala zikanalemba kuti wowombera uja wapezeka. Akanawapatsa apolisiwo chomwe ankachisowa usiku wonse: munthu wakuda wokhala ndi mfuti yeniyeni.

Nachisale_BT:
Sindikunena kuti awombere. Atuluke akaitane akuluakulu.

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Akuluakulu ake ati? Mwaiwala kuti apolisi a boma la Michigan anafika, anaona, mkulu wawo n'kunena kuti tiyeni tizipita tisalowe m'milandu ya ufulu wa anthu? Msilikali uja nayenso anaseweranawo masewerawo pang'ono kenako n'kuchoka. Anthu okhala ndi mphamvu zoletsa anasamba m'manja. Inu mukufuna wopanda mphamvu yekhayo ndiye akhale mpulumutsi.

Kabaza_Boy:
Ine mbali yanga ndi ya wapolisi uja wa nsidze zokwera, Will Poulter. Nkhope ya mwana wa sukulu koma ukamuona magazi akuwira. Ndinadabwa kumva kuti ndi wa ku England, Boyega nayenso wa ku London, makolo ake a ku Nigeria. Nkhani ya Amereka koma akuluakulu awiri onse obwera.

aPhiri_Mbiri:
Ndipo mbali yaikulu sanaijambulire ku Detroit, anakajambulira ku Massachusetts. Komanso dzina la Krauss, wapolisi amene Poulter akusewera, ndi lopeka. Apolisi enieni amene anaimbidwa milandu anali Ronald August, Robert Paille ndi David Senak. Wolemba filimuyo, Mark Boal, anasintha maina n'kusakaniza zochita zawo. Kumapeto amalemba okha kuti zina anachita kulumikiza kuchokera ku zokumbukira za anthu ndi zikalata, chifukwa khothi silinatsimikize zomwe zinachitika usikuwo.

Thoko_Leeds:
Ine vuto langa lili pamenepo. Kathryn Bigelow ndi katswiri, palibe wotsutsa, mkazi woyamba kupata Oscar ya wotsogolera filimu mu 2010. Koma luso lake ndi lokuika mkati mwa mantha, kamera ikugwedezeka ngati uli pomwepo. Pa filimu yake ya nkhondo ya ku Iraq zinamuyendera. Apa wandiika m'kolido kuonerera ana akuda akumenyedwa mphindi zosawerengeka, ndipo potuluka ndikudziwa bwino nkhope ya womenya kuposa za omenyedwa. Aubrey Pollard anali ndani? Ankakonda chiyani? Amayi ake tikuwaona kangati? Akazi akuda mufilimu yonseyi ali ngati alendo. Ndinaonera mu sinema kuno, tinali akuda atatu muholo monse, magetsi atayaka aliyense ankapewa kutiyang'ana. Sindinadziwe kuti filimuyi anapangira ndani. Ife tikudziwa kale kuti zimachitika.

Kabaza_Boy:
Ndiye mukuti mzungu asapange filimu ya akuda?

Thoko_Leeds:
Sindinatero achimwene, werenganinso. Ndikuti anasankha poimika kamera, ndipo ine ndikanaimika pena.

Mai_a_Chiko:
Koma Larry anamupatsa malo ake, Thoko. Mnyamata woimba uja wa gulu la The Dramatics. Atsala pang'ono kukwera pa siteji ku Fox Theatre, holo n'kutsekedwa chifukwa cha zipolowe, iye n'kutsala yekha kuimbira mipando yopanda anthu. Pomaliza anzake akupita patsogolo, iye mawu akukanika, akukana kuimbira azungu kuti azivina. Akuzizidwa m'kachipinda, akukagogoda kutchalitchi kupempha ntchito ya kwaya. Ine ndili mu kwaya zaka zambiri, ndaonapo anthu obwera kudzaimba chifukwa kulibenso kwina kopita nawo mtima. Pamenepo ndinalira kuposa m'kolido muja.

Thoko_Leeds:
Pamenepo ndikuvomera aunt. Algee Smith, wosewera Larry, ananyamula filimuyo kumapeto. Ikanakhala ya Larry kuyambira pachiyambi bwenzi ndikuyankhula zina.

Mlonda_KZN:
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira m'mawa. Ine ndine mlonda kuno ku South Africa, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Asisi a Nachisale, ndikupempheni ndikuuzeni za khofi uja, chifukwa mwamuseka.

Khofi uja ndi chiphaso. Ukakhala mlonda wakuda usiku, pafupi pali anthu a mfuti amantha, chinthu choyamba n'choti akudziwe nkhope kusanachitike kanthu. Ukapanda kutero, pakalira chinthu mumdima, iwe ndiwe mthunzi wokhala ndi chida. Ndiye umapita wekha, manja poonekera, umaseka nthabwala zosaseketsa. Ndinangoona Boyega akuwoloka msewu ndi khofi, ndinaimitsa filimu n'kutuluka panja kukapuma mpweya.

July 2021, Zuma atamangidwa, KwaZulu-Natal ndi Gauteng kunayaka, anthu oposa 300 anafa. Ine ndinali pa geti ya malo osungira katundu kunja kwa Durban, ndili ndi tochi, chibonga ndi wailesi yomwe palibe ankayankha. Apolisi kunalibe. Anthu a m'deralo anatseka msewu ndi magalimoto awo, ali ndi mfuti zawozawo. Usiku woyamba ndinawapititsira tiyi wa mu flask yanga. Anandifunsa kwathu, ndinati Malawi, anati a ku Malawi ndi anthu abwino, osaba. Ndinaseka nawo.

Usiku wachiwiri anagwira anyamata atatu akukankha trolley. Munali ufa, mafuta ophikira ndi matewera a mwana. Anawagoneka chafufumimba pa tara patsogolo pa geti yanga penipeni, n'kuyamba kuwakwapula ndi sjambok. Wina anandiuza kuti ndiwaunikire. Ndinaunikira. Tochi inali m'dzanja langa ili.

Tadala265:
Eish akulu

Mlonda_KZN:
Wamng'ono pa atatuwo sanafike zaka 15. Ndinauza mkulu wa gululo kuti bwana, kameneka ndikatsekere m'kanyumba ka alonda mpaka apolisi abwere. Anavomera chifukwa cha tiyi uja, ndikukhulupirira choncho mpaka lero. Ndinakalowetsa, n'kukatulutsira pa zenera lakumbuyo. Awiri enawo anawakweza mu bakkie. Kumene anapita nawo sindikudziwa. M'mawa bwana wanga anandiuza kuti nditsuke pa geti makasitomala asanaone, ndinatsuka ndi paipi.

Ndiye mukati akanatuluka, akanakuwa, akanachita chakuti, ine ndimangomva. Pepala langa lokhalira m'dziko muno linali litatha miyezi iwiri kumbuyo. Kwathu ku Mangochi kuli ana atatu odya za m'thumba langa.

Mai_a_Chiko:
Mwana wanga, Mulungu akukhudze mtima. Wanyamula katundu wolemera wekha nthawi yaitali.

Nachisale_BT:
Achimwene, pepani. Sindinalembe kuti ndikulaseni, ndipo za khofi ndabweza mawu, sindinkadziwa. Koma ndisakunamizeni kuti ndasintha maganizo onse. Inu munatulutsa mmodzi pazenera. Munaika khosi lanu pampeni. Dismukes wa mufilimu anatulutsa ndani? Ndipo kutacha, bwanji sanapite yekha kukanena? Anadikira mpaka apolisi kudzamutenga kuntchito.

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Ndipo atamutenga, munaona chomwe chinachitika. Analowa ngati mboni, anatulukamo ngati woganiziridwa. Apa ndiwonjezere zomwe filimu yafewetsa, chifukwa mlongoyu ali ndi mfundo kuposa momwe akudziwira. Dismukes weniweni anaimbidwa mlandu womenya anthu mu motelomo. Ena mwa opulumuka ankati sanangoima, anamenya nawo. Iye wakhala akukana, ndipo khothi linamumasula mu 1968. Chodabwitsa n'choti pa anthu onse ovala yunifolomu amene analimo, woyamba kuzengedwa mlandu anali iyeyo, wakuda. Komanso iye anali m'gulu la anthu amene opanga filimu anakambirana nawo, pamodzi ndi Larry Reed ndi Julie, mmodzi wa atsikana aja. Ndiye Dismukes amene tikumuona ndi wofatsa, mwina chifukwa nkhani yake tikuimva kuchokera kwa mwini wake.

Za milandu, filimu yaiphatikiza kukhala umodzi koma inali ingapo. August anavomera kuti anapha Pollard koma anati ankadziteteza. Mlandu anausamutsira ku Mason, katauni kakang'ono ka azungu, jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu) yonse azungu, ndipo woweruza anawapatsa njira ziwiri zokha: kupha mwadala kapena kumasula. Anamumasula mu 1969. Zomwe Paille anaulula za imfa ya Temple zinatayidwa chifukwa sanamuuze za ufulu wake wokhala chete asanayankhule, lamulo la Miranda lomwe linali litangobwera mu 1966. Taganizani, lamulo loteteza anthu kwa apolisi linapulumutsa wapolisi. Mlandu wa boma lalikulu unakazengedwa ku Flint mu 1970, jury ya azungu okhaokha, onse anayi, apolisi atatu aja ndi Dismukes, anamasulidwa. Pa imfa ya Carl Cooper palibe anazengedwapo mlandu wakupha.

Kabaza_Boy:
Ndiye kuti iye anamasulidwa limodzi ndi omwe anapha?

Loya_wa_pansi_pa_mtengo:
Benchi imodzi, chigamulo chimodzi. N'chifukwa chake mufilimu akutuluka m'khothi n'kukasanza panja. Wapulumuka, koma wapulumukira m'bwato la ng'ona. Pambuyo pake anachoka mumzindamo chifukwa choopsezedwa kuti aphedwa, n'kupitiriza ntchito ya ulonda.

aPhiri_Mbiri:
Ndipo boma linadziwa gwero lake. Johnson anakhazikitsa komiti yofufuza ya Kerner Commission zipolowe zisanazizire n'komwe, chifukwa mwezi womwewo ku Newark kunali kutafa anthu 26. Lipoti la 1968 linanena poyera kuti dzikolo likugawanika pawiri, akuda kwaokha azungu kwaokha, mosalingana, ndipo linaloza chala tsankho la azungu. Johnson sanalilabadire. Motelo ija anaigwetsa mu 1979, pamalopo pali paki. 12th Street pano ndi Rosa Parks Boulevard. Ku Detroit mpaka lero anthu amakangana pa dzina lenileni la masiku asanu aja, ena amati zipolowe, ena amati kuukira.

Tadala265:
Zikundikumbutsa 20 July 2011 kwathu kuno. Ndinali Fomu 2 ku Mzuzu, tinagona pansi pa bedi.

Thoko_Leeds:
Zowawa zake zikufanana Tadala, anthu pafupifupi 20 anapita masiku awiri aja. Koma tisasakanize msanga. Kwathu wowombera ndi wowomberedwa anali a khungu limodzi, mwina a mudzi umodzi. Ku Algiers chomwe chinawapsetsa mtima apolisi aja ndi kupeza atsikana achizungu ali ndi anyamata akuda. Imeneyo ndi nthenda ya Amereka yeniyeni, ili ndi mbiri yakeyake.

Admin_Gulu:
Za 2011 titsegulire ulusi wake, apa tikhale pa filimu. Ndipo amene akufunsa ku inbox kuti ndiwatumizire, ine sindigawa mafilimu, bundle yanga ndi yogula ngati yanu.

Nachisale_BT:
A Loya mwandipatsa chipolopolo koma sindikufunanso kuwombera. Ngati anamenyadi nawo, ndiye filimu yatinamiza pa munthu amene ndimafuna kumumvetsa. Ngati sanamenye, ndiye munthu wakhala moyo wake wonse akutchedwa wopereka abale pa mlandu wa ena. Bambo a kunyumba akuwerenga nane pano, akuti ndivomere kuti apambana. Sanapambane.

Mlonda_KZN:
A Loya, zoti ena ankati anamenya nawo sindinkazidziwa. Ndawerenga kawiri.

Pali chomwe ndinasiya pofotokoza muja. Pomutenga mwana uja pa tara, mkulu wa gulu ankandiyang'anitsitsa, ngati akukayika. Ndiye ndinamuwomba mbama mwanayo. Yamphamvu, mpaka anadzandira. Ndinamutukwana m'Chizulu kuti onse amve. Apo m'pamene mkuluyo anaseka n'kutembenuka. Mwanayo potuluka pazenera sanandiyang'ane, sananene kanthu, mlomo unali ukutuluka magazi. Lero atati afunsidwe kukhothi kuti mlonda wa pa geti paja anachita chiyani, adzanena kuti anaunikira tochi ndipo anandimenya. Sadzakhala akunama.

Mai_a_Chiko:
Koma ali moyo.

Mlonda_KZN:
Ndikhulupirira choncho amayi. Kumbuyo kuja kuli thengo mpaka kumsewu wa njanji, sindinamve kulira kwa mfuti mbali imeneyo. Mkazi wanga sadziwa zimenezi, muli oyamba kumva. Ndikalowa 6 koloko, geti yake yomweyo, ndizitsanzika ndikasite yunifolomu.

Nachisale_BT:
Muyende bwino achimwene. Mukatuluka m'mawa mutilembere kuti mwafika.